Nyimbo Imene Inakana Kupita ku Ukwati

Limbani, chotsa tizinthu tili m'makututo. Iwe Yankho, foniyo uyiike patebulo chafufumimba, siithawa. Ana inu, senderani kuno, mawu anga masiku ano safika patali. Ndipo ndikakufunsani kanthu musamandiyankhe kuti “aye, aye” ngati mwaponda minga. Kwathu munthu wamkulu amayankhidwa kuti “inde, Agogo.”

Ukwati wa mkulu wanu Kondwani munaliko. Munadya nkhuku mpaka mabatani a zovala zimene ndinakusokerani anayamba kudandaula, munavina, munajambulitsa. Chimene simudziwa n'chakuti kwa milungu isanu ukwatiwo usanachitike ine chakudya sichinkatsika kukhosi. Mchemwali wanu Tadala anatsala pang'ono kulowetsa mkwati ndi mkwatibwi mu holo ndi nyimbo ya maliro, pamaso pa apongozi ake a Kondwani ochokera ku Ntcheu, amene akanaizindikira isanafike n'komwe pakati. Iye sankadziwa. Amene anamupatsa nyimboyo, n'kumunamiza kuti ndi yogonekera mwana, ndine ndakhala panone.

Kuti mumvetse, muyambe mwadziwa kumene khutu langa linakulira. Ine ndinali telala wa pakhonde ku Limbe. Inu mukamva za telala mumaganiza za makina amagetsi ali kuchipindawa, othamanga okha ngati awaona agalu. Anga anali opalasa ndi miyendo, lamba wake wachikopa, akaduka n'kulumikiza ndi kawaya. Nsimbi inali ya makala. Ukaiwala kuuzira phulusa, kolala ya mwini wake yapita, ndipo iwe uyambe kukonza chonena. Khondelo linali la sitolo ya mmwenye wogulitsa nsalu. Munthu agula nsalu m'katimo, akatuluka andipeza ine ndili ndi tepi m'khosi. Zaka zoposa makumi awiri ndinakhala pakhonde limenelo, koma kuseri kwa kauntala sindinapondeko. Tiyi ankandipatsira pawindo, m'kapu yangayanga imene inkakhala payokha pashelefu. Sindikunena kuti anali munthu woipa ayi. Mayi anu atakomoka ndi malungo ali kamwana, ndiye anatseka sitolo masana n'kutinyamula pagalimoto yake. Koma kapu ija ndinaisunga mumtima, ndipo muona kumene inadzatulukira.

M'sitolomo munkalira nyimbo za kwawo kuyambira potsekula mpaka potseka. Ife apakhonde tinkaziseka, tinkati ndi udzudzu wagwera m'botolo. Pajatu tinali nazo zathu. Loweruka masana ndikatseka makina ndinkanyamula banjo, n'kukapezana ndi anzanga a gulu lathu la jazi. Usaseke, Limbani, agogo akowa anali ndi tsitsi, ndiponso mzere pambali. Banjoyo ndinapanga ndekha ndi chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Tinkaimba m'maukwati ku Bangwe ndi ku Ndirande, malipiro ake thobwa ndi mpunga. Agogo anu aakazi, Nangozo, ndinawaona koyamba pa ukwati wotero atasenza ndowa ya thobwa. Anaima, anamvetsera, n'kundiuza pamaso pa anthu kuti banjo yanga ikulira ngati nkhuku ya chitopa. Ndinawakwatira chaka chomwecho kuti ndiziwatsutsa ali pafupi, koma anamwalira asanasinthe maganizo.

Anatisiya inu awiri musanabadwe, Tadala akukwawa kumene kuno ku Glasgow. Tinakawaika kwawo ku Ntcheu. Kumudzi kumeneko kuli nyimbo imene imaimbidwa kamodzi kokha pa maliro, pamene bokosi likutuluka m'nyumba. Si ya kutchalitchi. Amayi a Mvano amayamba aimba zawo, kenaka amakhala chete, ndiye amayi akuluakulu a m'mudzimo amaiyamba motsitsa, osawomba m'manja. Mawu ake ndi ochepa. Amati atulutse mphasa poti mwini wake sabwera, azimitse moto poti wapita osatsanzika. Ikatha basi, siimvekanso mpaka maliro ena. Mwana akaiimba kudambo posewera amalawa ndodo, chifukwa amati akuitana imfa. Ine ndinaimva tsiku limenelo nditaima pakhomo, ndipo inalowa m'mutu osatulukanso.

Mayi anu anaona kuti ndekha ku Limbe ndikutha ngati sopo, ndiye ananditengera kuno ku Springburn. Za kuzizira sindinena, mumandimva chaka chilichonse. Chimene chinandipulumutsa ndi makina. Anthu a kutchalitchi kwathu anamva kuti kwabwera telala, anayamba kubweretsa mathalauza oti ndipinde ndi zitenje zoti ndisoke. Ndiye kani ndikakhala pamakinapo ndinkaimbira m'mphuno nyimbo ija, osadzimva. Zaka ndi zaka, m'nyumba muno, ana akumva.

Tadala mukumudziwa, khutu lake ndi la mbewa. Vayolini anayamba ali kusukulu, nyimbo za Asikoti zovina mogwirana m'mikono zija. Tsiku lina masana ndikusoka, ndinangomva munthu wapuma kumbuyo kwanga, foni ili m'manja.

“Agogo, imbaninso.”

“Ndiimbe chiyani? Ine ndikusoka.”

“Ija mumaimba mukamasoka. It's pure lovely, Agogo. Ndi nyimbo ya chiyani?”

Anaibwereza iye mwini, yonse, osaphonya pena. Ndikanamuuza pomwepo, nkhani ikanathera pamenepo. Koma ndinayang'ana nkhope yake ikusekerera, ndipo pakamwa panga panayankha pokha.

“Ndi yogonekera mwana. Agogo ako aakazi ankaikonda.”

Mabodza awiri pa mpweya umodzi, ine mkulu wa mpingo.

Mudzafunsa kuti chifukwa chiyani. Ife tinaleredwa choncho, ana inu. Mwana sankauzidwa za imfa. Pakagwa maliro, ana tinkasonkhanitsidwa kunyumba ina kutali, kutipatsa chimanga chokazinga kuti titangwanike. Bambo anga atamwalira ndinali wamng'ono kuposa iwe Yankho, ndipo anandiuza kuti apita ku Joni kukagwira ntchito ya mgodi. Ndinakhulupirira. Munthu aliyense wotsika sitima ndi sutikesi ya malata ndinkamuthamangira kumufunsa ngati anawaona. Ena ankati, “Ali bwino, akupatsa moni,” n'kundisisita m'mutu. Amene anandiuza zoona anali mnzanga, titakangana pa mpira wachikulunga. Ndinakwiyira mayi anga nyengo yonse ya dzinja. Ndiye musaganize kuti sindinkadziwa mtengo wake wa bodza lotere. Ndinkaudziwa bwino, komabe ndinagula.

Panapita miyezi, ine n'kuiwala. Zokonzekera ukwati zinali zitayamba, nsalu za operekeza mkwatibwi zili mbwee m'chipinda changa. Ndiye Tadala anati ndikaone gulu lake loimba. Tinakwera basi mpaka ku Dennistoun, nyumba zamiyala zazitali zija, ndipo anzakewo anasankha kukhala pamwamba penipeni, ngati kuti pansi palibe malo. Nditafika ndikupumira m'mwamba anandiuza kuti ndivule nsapato. Telala wa zaka zonsezi, sokosi yobooka chala chachikulu! Ndinakhala chopinda phazi ngati nkhuku yamva kuzizira.

Munali anthu atatu. Anjali, mtsikana wa chimwenye wobadwira konkuno, amene chilankhulo chake n'chimodzimodzi chanuchi. Iye amaimba sitara, chiphonda chachikulu cha khosi lalitali, nsambo zake zosawerengeka. Mlongo wake anakhala pansi ndi ting'oma tiwiri toimba ndi zala. Wachitatu anali Calum, Msikoti wamtali, wa lipenga lokhota la jazi. Pofuna kukakhala pampando ndinakweza mwendo kuti ndilumphe sitarayo, imene inali pansi. Anjali anafuula ngati ndaponda mwana.

“Chonde, Agogo, musailumphe! Kwathu choimbira sachilumpha, ndi mwano kwa amene anatiphunzitsa.”

Ndinazungulira, ndikuti mumtima kani anthuwa miyambo ali nayo, mofanana ndi ife amene sitilumpha miyendo ya munthu.

Anayamba. Sitara inayamba yokha, pang'onopang'ono, kuyendayenda ngati munthu wofuna khomo mumdima. Ndinazindikira kalilidwe kake, ndi kaja ka m'sitolo ku Limbe, ndipo ndinakonzeka kupirira. Kenaka Tadala anakweza vayolini, n'kulowa. Ana inu, inali nyimbo ija. Yotulutsira mphasa. Sitara inaitenga n'kuipinda m'malo amene ine sindinkadziwa kuti imapindika. Calum anailanda, anathawa nayo kutali mpaka ndinaitaya, kenaka anabwera nayo n'kuitula pamapazi pa Tadala. Ting'oma tinalowa pansi pake mwakachetechete. Ndinaona khomo la nyumba ya ku Ntcheu, ndinaona bokosi likupendekeka kuti likwane pachitseko. Ndinalira, osabisa. Inali yokoma, ndipo vuto lake linali lomwelo.

Tadala anaona misozi, anasangalala.

“Mwaikonda! Agogo, iyi ndi ya Kondwani ndi Thoko. Tidzaiimba akamalowa mu holo. Nyimbo ya agogo aakazi, kuti nawonso akhalepo. Musauze munthu, ndi sapulaizi.”

Ndinangoti, “Mwaimba bwino, ana anga,” n'kuyamba kufunafuna nsapato.

Tsopano imvani kumene kunali mantha anga. Thoko, mlamu wanuyu, kwawo ndi kutsidya kwa mtsinje kuchokera kumudzi kwa Nangozo. Mayi ake, a Nanzunga, anali kubwera pandege kudzaona ukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo. Ndinkatseka maso n'kuona zonse. Chitseko cha holo chatseguka, Thoko wavala zoyera, ndipo mlongo wake wa mkwati waima kutsogolo akuimba kuti tulutsani mphasa, mwini wake sabwera. Mawu akanasowa, inde, poti Tadala sankawadziwa, koma mayi wa ku Ntcheu safuna mawu kuti aizindikire. Akanaimirira, akanagwira mwana wawo padzanja n'kutuluka naye. Ndipo ngakhale akanapirira n'kukhala, kuyambira tsiku limenelo Thoko akangodwala mutu, mimba ikangovuta, kumudzi kukanamveka dzina limodzi. Akanati mlamu wake anamuimbira ya maliro pa ukwati. Dzina lotero silichoka ndi sopo.

Nanga kumuuza Tadala? Ndiye kuti ndimuuze kuti ndinamunamiza, kuti ntchito ya miyezi yonseyo aitaye, kuti nyimbo imene ankaiona ngati mkono wa agogo ake ndi imene inawatulutsa m'nyumba. Khoswe anali atakhala pamkhate. M'mawa uliwonse ndinkati lero ndinena, madzulo n'kufika ndisananene. Ndinalumikiza mkono wa diresi motembenuza, ine amene sindinalakwitsepo mkono chiyambire. Kutchalitchi ndinkangotsegula pakamwa, mawu osatuluka. Mayi anu anafuna kunditengera kwa dokotala, ankati mwina ndi shuga.

Ndiye ndinapeza nzeru, nzeru ya munthu wamantha. Ndinati ndikaletsa gulu lonselo, nyimbo ifera momwemo, bodza langa osaoneka. Munalipo tsiku limenelo, Lamulungu titabwera kutchalitchi, tonse tili patebulo. Iwe Yankho unagwetsa foloko. Ndinakhosomola n'kunena kuti, “Ine ndaganiza. Za amwenyezi ku ukwati wathu ayi. Anthu akubwera kuchokera kutali kudzaona ukwati, osati kudzamva udzudzu wa m'botolo.”

Kapu ya ku Limbe ija inatulukira pamenepo. Ndinaitenga kumene inagona zaka zonsezo n'kugenda nayo mwana wosalakwa.

Mayi anu anati, “Bambo, mwatani kodi?”

Tadala sanakweze mawu. Chichewa chake mukuchidziwa, chimayenda chotsimphina, koma tsiku limenelo chinayenda bwino.

“Anjali amakutchulani Agogo. Munalira pamaso pake. Ndiye lero ndi udzudzu?”

“Ndanena ndanena.”

“Ukwati ndi wa Kondwani, si wanu. Iye anatipempha, ndipo tidzaimba.”

Anatsuka mbale yake n'kutuluka. Kwa milungu iwiri tinkapambana pakhonde la m'nyumba muno ngati anthu okwera basi imodzi. Moni ankandipatsa, poti analeredwa, koma moni wake wouma ngati chikonyo. Ndinali nditataya mdzukulu, ndipo nyimbo inali ikupitabe ku ukwati.

A Nanzunga anafika kutatsala masiku asanu. Tsiku lotsatira anabwera kuno kuti ndiwayeze diresi. Mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wovala majuzi atatu. Ndili chogwada ndi mapini pakamwa, ndikupinda m'munsi mwa diresi, iwo anati:

“Bambo Mbewe, inu simungandikumbuke, tsiku lija munalibe maso. Maliro a akazi anu ndinaliko. Nyimbo yotulutsira mphasa ndinayambitsa ndine. Kwathuko akamwalira munthu amatuma mwana kudzanditenga.”

Pini imodzi inatsala pang'ono kutsikira kukhosi. Mwa amayi onse a m'dziko la Malawi, Kondwani anakasankha mwana wa mwini nyimbo! Ndinamaliza kuyeza manja akunjenjemera, iwo n'kumati, “Kuzizira kwa kunoku kwakulowani m'mafupa, bambo.” Ndinavomera kuti ndi kuzizira.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinavala sokosi zatsopano n'kukwera basi ndekha kupita ku Dennistoun. Ndinkadziwa kuti akumana kuti ayeserere komaliza. Pamasitepe aja ndinapuma katatu, ndipo kachitatuko ndinatembenuka kuti ndibwerere, koma mawondo anakana kutsika. Anatsekula chitseko ndi Anjali. Tadala anali asanafike. Nkhope ya mtsikanayo inandiuza kuti mawu anga a patebulo anamupeza onse. Komabe anati, “Lowani, Agogo,” n'kundipatsa tiyi wa zonunkhira, m'kapu yofanana ndi yake.

Mawu amene ndinakonza m'basi anali atabalalika. Iye ndiye anayamba, akukonza nsambo za sitara, osandiyang'ana.

“Agogo, ndikufunseni kanthu. Kwathu nyimbo timaziika m'mabanja, timati raga. Banja lililonse lili ndi nthawi yake. Ina ndi ya m'bandakucha, ina ya madzulo, ina ya nyengo ya mvula. Aphunzitsi anga akandimva ndikuimba ya m'mawa dzuwa litalowa, amatuluka m'chipinda. Ndiye nyimbo yanuyi ndayesa kuiika m'banja la chisangalalo, loyenera ukwati. Ikukana. Ndikaikokera kumwamba, imatsikira yokha ku banja lina, limene ife timaimba potsanzikana. Ndamuuza Tadala, akuti ndi mmene zilili nyimbo zogonekera ana. Koma ine sindikugona nayo bwino. Kodi kwanu imaimbidwa nthawi yanji?”

Ana inu, zaka makumi awiri ndinaseka nyimbo za anthu amenewa. Ndipo mwana wawo, amene sanapondepo ku Ntcheu, amene sadziwa liwu limodzi la Chichewa kupatula “zikomo”, anamva ndi zala zake chimene ine ndinabisira banja langa lomwe. Manyazi amene ndinamva sindingawafanizire ndi kanthu.

Ndinaika kapu pansi n'kuimba, ndi mawu ake, koyamba chichokereni ku manda. Mawu anga ndi okalamba, ananjenjemera, koma ndinafika kumapeto. Nditatsekula maso Tadala anali ataima pakhomo, chikwama cha vayolini chili kumsana, Calum ali pambuyo pake. Chichewa cha Tadala n'chotsimphina, koma mphasa amaidziwa, ndipo “sabwera” amamudziwa.

“Agogo, mwini wake ndani?”

“Agogo ako aakazi. Imaimbidwa bokosi likamatuluka m'nyumba. Kamodzi kokha. Anawaimbira ndi mayi ake a Thoko.”

Anakhala pansi pomwepo, pakhomo, nsapato zili kuphazi.

“Munati ndi yogonekera mwana.”

“Ndinatero.”

“Miyezi yonseyi ndikaiimba ndimaona agogo atabereka Amami kumsana. Ndimawaona, Agogo! Ndilibe chithunzi china cha iwo m'mutu mwanga, ndinali nacho chimenecho basi.”

“Ndinkafuna kukuteteza, mwana wanga.”

“Kunditeteza kwa ndani? Kwa agogo anga?” Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. “Ndipo munalola kuti ndiganize kuti mumadana ndi Anjali. Munaona kuti bola ndikuoneni wa tsankho kusiyana n'kundiuza kuti munthu anamwalira?”

Ndinatembenukira kwa Anjali n'kupepesa, m'Chingerezi changa cha pakhonde. Ndinamuuzanso kuti mawu aja sanali bodza lokhalokha, kuti mbali ina anachokera pa chinthu chakale chimene ndinasunga, chimene iye sanachite. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sananene kuti palibe kanthu, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Anangoti, “Ndamva, Agogo.”

Kenaka analankhula Calum. Anakanda m'mutu n'kunena kuti zonsezo wamva, koma ukwati uli Loweruka, ndipo tsopano alibe cholowetsera anthu mu holo. Apo ndiye ndinapezako ntchito. Ndinati ndili nayo ina, ya gulu lathu la ku Limbe, ya ukwati weniweni, imene ndinkaimba tsiku limene Nangozo ananyoza banjo yanga, ndipo ndinawaimbira pomwepo. Tadala anandiyang'ana ndi diso lofiira.

“Iyinso mukunama?”

“Kafunse a Nanzunga. Ukawaimbire usanaikhudze.”

Anapitadi madzulo omwewo kukawaimbira, osandikhulupirira ine agogo ake, ndipo sindimuimba mlandu. A Nanzunga akuti anadzuka pampando ndi majuzi awo atatu n'kuyamba kutyola chiuno. Masiku awiri otsalawo ndinkakwera masitepe aja m'mawa uliwonse, n'kumawombera m'manja kuti mlongo wake wa Anjali agwire kayendedwe kake. Zimene munamva Loweruka lija ndi zimenezo. Munaona nokha a Nanzunga akuimba nthungululu kutsogolo kwa sitara, Asikoti a kuntchito kwa Kondwani akulumpha ngati ana a mbuzi. Ine ndinakhala kumbuyo, malaya atanyowa ndi thukuta, ndikuwerenga nyimbo iliyonse mpaka anatseka zikwama zawo. Tadala sanandiyang'ane tsiku lonselo, ngakhale pojambulitsa.

Ndinati basi, ukwati ndaupulumutsa, mdzukulu ndamutaya, ndipo ndi malipiro ondiyenera. Mwezi unatha. A Nanzunga anabwerera kwawo. Kenaka tsiku lina masana ndili pamakina, ndikusoka chotseka pakamwa poti tsopano ndinkadziopa, Tadala analowa ndi kope ndi cholembera. Anakhala pabedi, pamwamba pa nsalu za anthu.

“Mundiuze mawu onse a nyimbo ija. Pang'onopang'ono, ndilembe. Musaimbe, mungonena.”

“Ukachita nayo chiyani? Siimbidwa wamba, wamva kale.”

“Imaimbidwa kamodzi, munatero nokha. Agogo aakazi anawaimbira a Nanzunga. Nanga inu, kuno ku Glasgow, adzakuimbirani ndani?”

Ndinaimitsa makina. Ndinayamba kuyendera m'mutu anthu onse a kutchalitchi kwathu, a ku Maryhill, a konkuno ku Springburn, amayi a Mvano mmodzimmodzi. Ena ndi a ku Mzimba, ena a ku Mulanje, ena anakulira m'tauni. Woidziwa panalibe ndi mmodzi yemwe. Zaka zonsezi ndinkaopa imfa ya kuchilendo, koma ndinali ndisanaganizepo kuti ndidzatuluka m'nyumba chete ngati katundu.

“Tidzaimba tonse anayi,” anatero. “Ine mawu, Anjali sitara. Akuti banja lake la nyimboyi analipeza kale, ndi lija inkathawirako.”

Mwana wa zaka makumi awiri kuuza agogo ake maso ndi maso za tsiku la maliro awo! Kwathu akanati ndi malodza. Ine ndinamva ngati munthu wanditula mtolo umene ndinasenza kuchokera ku Ntcheu. Ndinamuuza mawu onse, iye n'kumalemba, n'kumandifunsa kuti “kutsanzika” amalemba bwanji.

Tsopano mantha anga asamukira pena, ndipo n'chifukwa chake ndakukhazikani pansi. Ndimawadziwa akulu anzanga a mpingo. Tsiku limenelo akadzaona mtsikana wa chimwenye akukwera masitepe ndi chiphonda chake, wina adzaima pakhomo n'kunena kuti za amwenye pa maliro a mkulu wa mpingo ayi. Ndikudziwa kuti adzatero, poti mawu amenewo anatulukapo pakamwa panga. Mayi anu adzakhala alibe mphamvu zokangana, Tadala adzakhala akusunga mawu ake kuti aimbe. Ndiye inu awiri mudzaime pamenepo. Mudzanene mwaulemu, manja ali kumbuyo, kuti Agogo anatiuza okha, ali moyo, ali ndi nzeru zawo zonse. Za Mulungu ziyambe, ziimbidwe zonse, ine ndine mkhristu. Koma bokosi likamatuluka pakhomo ili, awasiye ana aja.

Yankho, pukuta m'maso, si lero. Ndili ndi mathalauza atatu oti ndipinde pofika Lachisanu, ndipo mwini wake wa imodzi ndi wovuta.

Nyimbo ija ndamva kuti aikonzanso, akuti tsopano ikukoma kuposa mmene ndinaimvera ku Dennistoun. Calum akuti anachepetsa zothawathawa zake zija. Dzulo ndinamugwira Tadala pakhonde, ndinati andimvetseko pang'ono pokha, ngakhale pafoni, ndione ngati sakulakwitsa pokwera paja. Anandiyang'ana, n'kundikonza kolala ngati telala ndi iyeyo.

“Ayi, Agogo. Siimbidwa mwini wake ali m'nyumba.”